Pinseli ya Khungwa la Mombo

Ndinachoka ku institutu ya aphunzitsi ku Tete m'chaka chachiwiri, nditanyamula chikwama chimodzi ndi makaderno, mabuku olembamo, asanu ndi limodzi. Pali anthu amene amanena kuti ndinalephera mayeso. Ine ndimanena kuti institutu ndi ine tinakhala pansi, tinayang'anana bwinobwino, ndipo tinagwirizana kuti aliyense aziyendera yake. Makaderno aja m'kati mwake munali mbee ngati tsiku limene anagulidwa, koma pachikuto chilichonse panali dzina la phunziro lolembedwa ndi zilembo zamichira, zamithunzi, zina zotsamirana ngati anthu ochokera ku mowa. Mphunzitsi wa masamu tsiku lina anakweza kaderno yanga m'mwamba n'kuiyamikira pamaso pa kalasi yonse. Kenako anaitsegula.

Nditafika kwathu ku Fingoe, bambo sanakalipe. Bambo ndi mlimi, ndipo mawu amawasunga ngati mbewu, satulutsa nthawi yake isanakwane. Anandisiya ndigone, ndidye, ndizungulirezungulire pamsika kwa masabata atatu. Kenako tsiku lina anabwera ndi pikareta yatsopano, piki yokumbira yampini woyera, n'kuitsamiritsa pakhomo la chipinda changa. Ananena kuti alamu anga abwerera kumaenje a golide Lolemba linalo, ndipo pamota pawo, njinga yawo yamoto, pali malo a munthu mmodzi ndi pikareta imodzi.

Alamuwo ndi amuna a mlongo wanga wamkulu, ndipo mlongo wangayo tonse timawatchula kuti mana. Alamu ndi munthu wabwino, wamapewa otambalala, ndipo dzenje amalikonda. Ine ndi dzenje tili ndi pangano lakalekale: tidzakumana kamodzi kokha, ndipo tsiku limenelo okumba adzakhala ena.

Ndiye mumvetse mmene mtima wanga unalili pamene ndinaona lona ija. Pamsika pathu pali mzere wa mabaraka, timanyumba todyeramo anthu okumba golide, ndipo wamalonda wina wobwera anali atapachika pamwamba pa khomo lake chinsalu chapulasitiki chofiira, chosindikizidwa ku Tete. Chinsalu chotere ndicho timachitcha lona. Mawu ake anali wamba, za nkhuku ndi mpunga. Koma zilembo zake zinandiimitsa pakati pa njira mpaka wanjinga wina anandiguguda ndi dengu la tomato.

Zinali zilembo zoyera, zopendekera kutsogolo ngati zikuthamanga. Kumutu zinali zonenepa, kumchira zong'ambika, ndipo m'kati mwake munali timizere timene kufiira kwa lona kunkaonekera, ngati wolembayo anakwapula ndi tsache lonyowa kamodzi kokha n'kuchokapo osacheuka. Pambali panali ngakhale timadontho tothovoka. Ndinakwera pamwala n'kukhudza. Panali see, posalala ngati mbale. Palibe pinseli, burashi yopentera, imene inadutsapo. Mwini baraka anandionetsa pa telefoni yake kuti ku Tete, kumene amasindikiza, munthu amangosankha pa komputadori mtundu wa zilembo, ndipo mitundu yokalikakalika chonchi ilipo yambirimbiri. Kamzere kalikonse kanajambulidwa mwadala.

Ndinaima pamenepo mpaka dzuwa linafika paliwombo. Ndipo ndinaona chinthu chimene chinandipatsa mphamvu. Pa lonapo panali zilembo ziwiri zamtundu umodzi, ndipo zipsera zake zinali zofanana ndendende, ngati mapasa amene anagwa panjinga imodzi. Ndinadziuza kuti makina amangodziwa kukalika kamodzi. Dzanja la munthu likhoza kukalika kosiyanasiyana tsiku lonse.

Nthawi imeneyo mana anali atangomaliza kumanga baraka yawoyawo kumapeto kwa mzere womwewo, yanjerwa zootcha, khoma lakutsogolo atalipaka tinta yabuluu. Ankafuna kutsegula Loweruka, tsiku limene okumba amatsika ambiri. Nawonso lona ija inali itawalowa m'maso, koma kutumiza ku Tete ndi ulendo, ndipo mitambo inali itayamba kale kusonkhana. Madzulo ena tili pabwalo tonse, ndinaimirira, ndinakonza kolala, ndipo ndinalengeza kuti zilembo zangati za pa lona ndilemba ndine, pakhoma, ndi dzanja.

Alamu anaseka mpaka kutsamwa. Mana anafunsa ngati khoma ndi chikuto cha kaderno. Koma bambo anagamula: mana akachilandira cholembacho Loweruka, pikareta ipita yokha. Akachikana n'kupakanso buluu pamwamba, Lolemba ndikwera mota.

"Khoma likakukana," anatero bambo, "dzenje silikana munthu."

Tinta yoyera inali kachitini kamodzi kokha, kamene alamu anabwera nako paulendo wina. Pamsika panalibe ina, chifukwa galimoto ya katundu inali isanabwere. Za pinseli ndinapita kwa malume.

Malume, achimwene a mayi anga, akhala akulemba zikwangwani kuyambira ine ndisanabadwe. Mayina a matchalitchi, a zigayo, mitanda ya kumanda, zambiri za kuno zinadutsa m'manja mwawo. Amayamba ndi chingwe chopaka makala, kenako rula, kenako pensulo, ndipo pinseli imabwera pamapeto ngati mlendo wolemekezeka. Ulemu wawo wonse uli poti pachilembo chawo sungaone pamene tsitsi la pinseli linadutsa. Amakonda kusimba za mmisiri amene anawaphunzitsa. Akuti ali mnyamata analemba chikwangwani chawo choyamba chotuwa, chamabangamabanga, ndipo mmisiriyo anadzuka m'bandakucha, anakachikonza mwini wake asanachione, ndipo mpaka kumwalira sanatchulepo nkhaniyo. Malume amati umu ndi mmene amisiri amachitira, ndipo chifundo choposa chimenecho sanachionepo. Nkhaniyi ndinali nditaimva kambirimbiri. Ndikanaimvetsera kamodzi kokha, bwenzi zinthu zitayenda mwina.

Ndinawatenga kuti akaone lona. Anaiyang'ana nthawi yaitali, manja ali kumbuyo. Kenako anamuitanira pambali mwini baraka uja n'kumufunsa motsitsa mawu ngati amene anamulemberayo akumudziwa kumene amakhala, chifukwa n'zoonekeratu kuti tinta inamuthera panjira, ndipo mwina ankathamangitsidwa ndi njuchi. Nditawalongosolera kuti ndi makina, ndipo kukalikako n'kwadala, anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Ndiye kuti anthu anakhala pasukulu zaka ndi zaka, kuti aphunzitse makina zolakwa zimene ine ndinamenyedwera makofi?"

Ndinati inde, ndipo zikugulidwa.

Komabe anandibwereka mapinseli atatu abwino, okulungidwa m'kansalu, onunkhira petrolyo, mafuta anyale amene amatsukira ndi kusungunulira tinta. Ananena kuti ndiwabweze ali ndi tsitsi lawo lonse.

Masiku atatu otsatira ndinawathera pathanthwe la kuseri kwa nyumba. Tinta sindikanaiwononga poyeserera, ndiye ndinasakaniza phulusa ndi madzi. Mapinseli a malume anakana. Anali oleredwa bwino. Ngakhale ndiwakoke mwankhanza bwanji, ankasiya mzere wodzaza, waulemu, ngati wa pakhomo la tchalitchi. Ndinayesa mswachi wakale, unalemba ngati mapazi a nkhuku. Ndinayesa tsache la mayi, ndipo mayi anandiuza maganizo awo. Ndinayesa nthenga, chitsononkho, siponji ya matiresi. Ndinapita kukakambirana ndi tonde wathu za ubweya wa kumchira kwake, koma zokambiranazo zinatha msanga, ine ndili pamwamba pa khola.

Lachinayi m'mawa bambo ankasenda luzi la mombo lomangira nkhokwe, ndipo zidutswa za khungwa zinali mbwee pansi. Ndinatola chimodzi chotambalala ngati zala zitatu, ndinaika nsonga yake pamwala, n'kuitswanya ndi mwala wina mpaka inanyenyeka n'kukhala ngati ndevu za nkhalamba, kwina kwautali, kwina kwakufupi, pakati pali mpata. Ndinaviika m'phulusa, ndinapukuta pang'ono, n'kukoka kamodzi pathanthwe.

Abale, mzere umenewo. Unayamba wonenepa, wodzaza, kenako unagawikana timizere tisanu, n'kuthera m'kamchira kong'ambika ngati mtambo wa mvula ukamachoka. Ndinakokanso, unatuluka wina, wosafanana ndi woyamba. Ndinakoka kachitatu, unatulukanso wina. Ndinalemba thanthwe lonse, ndinalemba mphika wosweka, ndinalemba chitseko cha khola, ndipo ndikanalembanso tonde uja akanaima. Ndinaphunzira malamulo ake tsiku lomwelo: uviike pang'ono, ukoke mofulumira, usabwerere mmbuyo, ndipo pamene pakana kugwira uwasiye choncho, chifukwa mpatawo ndiwo ukoma wake. Bambo anadutsa atanyamula luzi, anayang'ana thanthwe, n'kunena kuti mvula idzatsuka.

Lachisanu mana ndi alamu anapita ku Malowera kukagula mbuzi ya tsiku lotsegulira, kuti abwere Loweruka m'mawa. Mawu oti ndilembe anandisiyira: KHUTANI KAYE. Anati munthu asamalowe m'dzenje ali ndi njala, ndipo ine ndinavomereza, n'kuonjezera mumtima kuti ngakhale atakhuta.

Ndinakunkhuniza mgolo mpaka pakhoma, ndinakwerapo, ndinatsegula kachitini. Chingwe sindinamange, rula sindinatenge. Chilembo choyamba ndinachikoka mofulumira, ndipo mwendo wake wakutsogolo unatuluka wautali, wolusa, wamizeremizere, buluu akusuzumira m'kati. Kuyambira pamenepo sindinaonenso msika. Ndinkangomva mawu kumbuyo. Mayi wina wogulitsa usipa anafunsa mwachisoni ngati tinta yandithera. Bambo wina wachikulire anati mwana wa kwa aujeni uja sukulu inamukanikadi, taonani ngakhale kudzaza chilembo. Koma mnyamata wina wa kumaenje, matope ali mpaka m'makutu, anayang'ana khoma, anayang'ana lona, n'kunena kuti za pakhomazi zikuoneka ngati zikhoza kuluma. Ameneyo ndimamukumbukira m'mapemphero.

Ndinamaliza dzuwa litapendeka. Chifukwa khungwa silimwa tinta yambiri, kachitini kanatsala kopitirira theka. Popita kunyumba ndinadzera kwa malume, ndinawabwezera mapinseli awo ali oyera, osakhudzidwa, ndipo ndinawasiyira kachitini kuti andisungire. Ndinawauza kuti ntchito yatha, akaone okha. Anayang'ana mapinseli ouma, anapepesula kachitini, anandiyang'ana ine. Ine ndinaganiza kuti ndi kuyang'ana kwa munthu wogoma.

Loweruka ndinadzuka kukuyera, ndinavala malaya anga a ku institutu, ndinaika khungwa lina louma m'thumba kuti ndikawaonetse mana chida changa, ndipo ndinayenda ngati munthu amene akukalandira mendulo. Nditakhota pamzere wa mabaraka, ndinaona munthu ataima pamgolo wanga.

Anali malume. Anali kumaliza chilembo chotsiriza. Zilembo zonse khumi ndi chimodzi zinali zitadzazidwa, kamzere kalikonse katatsekedwa, mchira uliwonse utadulidwa bwinobwino n'kuzunguliridwa. Zinali zonenepa, zosalala, zonyezimira ngati ana a mwini chigayo. Kachitini kanali pansi, kopanda kanthu. Malume anatsika pang'onopang'ono, anapukuta manja, ndipo anandiyang'ana ndi nkhope ya munthu amene wavuula mwana m'chitsime.

"Sindiuza munthu, mphwanga," anatero. "Mayi ako asamve. Pamsika anthu anayamba kale kulankhula."

Munthu sukalipira malume ako. Komanso sukalipira munthu amene wadzuka m'bandakucha, ndi msana wake wovuta, kudzakuchitira chifundo chachikulu chimene iye amachidziwa. Ndinawathokoza. Ndikukumbukira bwino kuti ndinawathokoza, ndipo mawu anga ankamveka ngati akuchokera kale pansi pa dzenje. Mana ankayembekezera zilembo za pa lona. Izi zinali zilembo za pamtanda wa kumanda, zokongola ndithu, koma za kumanda. Ndinaona pikareta, ndinaona mota, ndinaona msana wa alamu.

Sindidziwa chimene chinandichititsa kukhudza khoma. Mwina ndinkafuna potsamira. Chala chinabwera choyera. Malume amasungunula tinta ndi petrolyo wambiri kuti iyende mosalala, ndipo kunali kukadali kachisisira, ndiye sinali itagwira. Pansi pake panali zilembo zanga zadzulo, zouma, ndipo m'mipata monse mmene malume anadzazamo, pansi pa tinta yonyowayo panali buluu.

Ndinatulutsa khungwa m'thumba. Ndinawauza malume, mwaulemu wonse, kuti pali kantchentche kamene kamatirira pachilembo choyamba, ndikachotse. Ndinakwera pamgolo, ndinakanikiza khungwa louma pamwendo wa chilembocho, n'kukoka mwamphamvu kupitirira pamene malume anadulira.

Tinta yonyowa inatsatira khungwa. M'mipata buluu anatulukanso, ndipo kumapeto kunabadwa mchira watsopano, wautali kuposa wadzulo. Chilembocho chinali ndi thupi la malume, lodzaza, lolemera, koma mchira wake unali wachiwembu. Chinaposa chadzulo. Chinaposa cha pa lona.

Kumbuyo kwanga malume anatulutsa kamawu kangati ka munthu wopondedwa chala. Sindinacheuke. Ndinakoka chachiwiri. Ndinakoka chachitatu. Ndinkayembekezera dzanja pa mwendo wanga, koma chimene chinabwera ndi mawu. Ananena kuti ndikukoka ndi chikhatho ngati kalaliki wa ku ofesi, n'chifukwa chake mzere ukugwedera pakati. Mzere wautali umachokera paphewa. Ndinati chabwino. Ndinakoka chachinayi, ndipo anati ayi, ayi, tsika.

"Ngati wasankha kuwononga, wononga molongosoka. Bweretsa kuno."

Anakwera pamgolo, anagwira khungwa ndi zala ziwiri ngati mbewa yakufa, analiyang'anitsitsa, kenako anakoka. Zaka zonse zija za rula ndi chingwe zinali m'phewa limenelo. Mzerewo unawongoka ngati muvi, n'kung'ambika kumapeto kokhakokha, pamene ankafuna iwo. Anaima, anapendeketsa mutu. Ananena kuti n'zonyansa. Kenako anafunsa ngati ndili ndi khungwa lina, chifukwa ilo lamwa tinta.

Ndinathamangira kwa mayi wina wogulitsa nkhuni, ndinasenda khungwa pamtolo wake iye akundifunsa ngati ndapenga, ndinalitswanya pamwala wa pakhomo. Dzuwa linali litatuluka ndipo linayamba kugunda khoma. Tinta inayamba kulimba. Tinasinthana, wina pamgolo, wina pamwala akutswanya, malume akulamula kuti ndevu zikhale zazitali mbali imodzi, ine ndikuti fulumirani. Sindinawaonepo malume akufulumira chibadwire. Pachilembo chamchira wolendewera cha m'mawu achiwiri anakoka mpaka anatsala pang'ono kugwa pamgolo, ndipo ndinawamva akuseka okha chamumtima, kuseka kwa mwana amene waba uchi.

Chimodzi chinatikanika. Chilembo chomaliza cha mawu oyamba, kamzere kowongoka kaja, tinachidumpha posinthana, ndipo pamene tinachikumbukira chinali chitagwira. Khungwa linangoterera pamwamba. Chinatsala chonenepa, chosalala, chili njo pakati pa zinzake zolusa ngati wansembe pakati pa anthu ovina.

Mota ya alamu inafika tikupukuta manja, mbuzi itamangidwa kumbuyo, mana atakhala pakati. Mana anatsika, anakonza chitenje, anaima patsogolo pa khoma. Anayang'ana. Anayenda mpaka pa lona ya wamalonda uja, anaiyang'ana, anabwerera. Malume ankayang'ana kumwamba ngati munthu wongodutsa, manja oyera ndi tinta atawabisa kumbuyo.

Mana analoza chilembo chosalala chija n'kufunsa chifukwa chake icho chokha sindinachimalize.

Ndinayankha kuti chimenecho ndinachisiya dala, kuti anthu achikulire nawonso apeze chowerenga.

"Iwe ndi pakamwa pako," anatero mana. "Chotsa mgolowu pakhomo, anthu alowera pati?"

Za buluu sanatchule. Ndinakunkhuniza mgolo uja ngati ndikuvina nawo. Masana baraka inadzaza, ndipo mnyamata wamatope uja anabwera ndi anzake awiri kudzafunsa ngati zilembo zoluma zingakwane pa tanki ya mota. Ndinawauza mwaulemu kuti ndiona kaye ngati nthawi ilipo.

Bambo anafika dzuwa lili pamutu. Anaima patali, anawerenga mawu awiriwo mokweza pang'onopang'ono, ngati akuwayesa kulemera, n'kulowa kukadya. Potuluka sanandiyang'ane. Usiku wonse pikareta inakhala pakhomo la chipinda changa, ndipo Lamulungu m'mawa ndinaidumpha popita kutchalitchi. Titabwerako, bambo anainyamula n'kundipatsa m'manja. Ananena kuti kumaenje zida zimasowa, ndiye ndilembe dzina la alamu pampinipo, zilembo zomwe zija zokalika, kuti wakuba aziopa.

Ndinathira petrolyo pang'ono m'kachitini kaja, ndinakokota zotsalira za m'mbali, zinakwana. Aka kanali koyamba ndi komaliza kugwira pikareta imeneyo. Lolemba inakwera mota, itakhala pamalo anga.

Malume mpaka lero amanena kuti zilembo zotere ndi matenda amene adzatha. Za m'bandakucha uja sanauzepo munthu, monga analonjezera. Koma m'chikwama chawo cha ntchito muli kachidutswa ka khungwa la mombo, kotswanyidwa bwino kuposa anga onse, ndipo amakakulunga m'kansalu kakekake, kutali ndi mapinseli atatu aja, kuti asatengere khalidwe.